Chinangwa cha M'mphepete mwa Munda

Abale anga, nkhani iyi si yomva kwa wina ayi, ndi yoona ndi maso angawa, ndipo ndikanakhala munthu wonama bwenzi nditapeka ina yokoma, osati iyi. Maina sinditchula chifukwa eni ake akadalipo, komanso Nkhata Bay ndi tauni yaing'ono, ukakhosomola kumsika a kudoko amakufunsa ngati wamwa mankhwala. Koma alipo anthu amene anaona galimoto ya nsomba ikuthamanga ngati yamisala Lolemba lina la Pasaka, kumbuyo kwake mayi wina akukuwa, kumutu kopanda mpango. Mayi ameneyo ndinali ine.

Ife kwathu ndi ku Dedza. Tinabwera kunyanja kuno chifukwa bambo a kunyumba anawasamutsira ku ofesi ina ya boma, ndipo tinapeza nyumba ya lendi kumtunda kwa tauni, kuja kumene ukamachokera kumsika umafika pakhomo lilime lili panja. Tinali ndi ana awiri, onse aakazi. Wamkulu anali Sitandade 6, wamng'ono anali asanayambe n'komwe sukulu, kamwana kowonda, kolongolola, kokonda mkulu wake moti akalowa kubafa kankakhala pakhomo kumudikira.

Pabanja pathu tinali ndi mwambo umene anayambitsa bambo awo. Chaka chilichonse nthawi ya masika, mvula ikamakata, maungu ndi chimanga chachiwisi zikucha, tinkatenga ana Lolemba la Pasaka kukachita masanje kumunda. Bambo ankati ana a m'tauni amakula osadziwa ngakhale kuyatsa moto, ndiye tsiku limenelo ana ndiwo ankamanga timisasa ta masamba, kutola nkhuni, kuphika m'timapoto tawo, ife akuluakulu n'kukhala pamphasa ngati alendo, osakhudza mpeni kapena chikuni. Ndiye panali lamulo limodzi limene bambo ankalinena chaka ndi chaka ngati pemphero: chakudya cha masanje sichinyozedwa. Kaya chapserera, kaya mchere wachuluka, kaya muli mchenga, umadya, n'kuwomba m'manja kuthokoza wophika. Ankati mwana wonyoza chakudya amachititsa manyazi makolo kwa eni, ndipo kunena zoona lamulolo tonse tinkaliona ngati labwino. Ndani safuna mwana waulemu?

Chaka choyamba ku Nkhata Bay tinalibe munda, tikanaupeza kuti ife obwera? Koma eni nyumba yathu anali mayi wina wamasiye, Mtonga weniweni wa konkuno, wochita malonda a nsomba, wamtali, wa mawu akuluakulu, munthu wopatsa kwabasi. Lamulungu la Pasaka anakumana ndi bambo pamsewu pochokera kutchalitchi, ndipo atamva za masanje athu anaseka nati titengere anawo kumunda kwawo kumtunda kwa nyumba, kuli mthunzi wa mango, ndipo tikumbe chinangwa mmene tingafunire. Anangowonjezera kuti tikalowe pakati pa munda, pamene pali chulu, tikakumbe pamenepo.

Bambo atafika kunyumba anatifotokozera zonse, osabisa kanthu, koma anati zolowa pakatizo ndi mawu chabe a munthu wopatsa. Inu a ku chigawo chapakati mukundimvetsa. Kwathu mwini munda akakuuza kuti thyola chimanga, umathyola mzere wa m'mphepete, pafupi ndi njira, pamene aliyense akukuona. Wolowa pakati pa munda wa eni ndi wakuba, kapena munthu wadyera wofuna kuwerenga chuma cha mnzake. Mng'ono wanga, amene anabwera kudzadya nafe Pasaka kuchokera kumudzi, anathira ndemanga yake, kuti pakati pa munda ndi pamene anthu amakwirira chambu, mankhwala aja otchinjiriza mbewu kwa akuba, ndiye iye mwendo wake sukapondako. Tinagwirizana tonse atatu kuti tikakumba m'mphepete ngati anthu oleredwa bwino.

M'mawa mwake kunacha bwino, dzuwa lowala, nthaka ikadali yonyowa chifukwa kuno mvula imachedwa kutsanzika. Kamwana kanga kanakana phala chifukwa cha chimwemwe, kanati kakadya za masanje, ndipo kanatsogola kananyamula kapoto pamutu. Munda wake unali waukulu, chinangwa chautali kuposa munthu. Ana anamanga kamsasa kawo pansi pa mango, ndipo bambo anazula mitengo ingapo ya mzere woyamba, m'mbali mwa njira. Chinangwa chake, abale, chonenepa, choyera mbee mkati, cha mtundu woti kwathu ukachipeza pamsewu suchidutsa. Paja kwathu chinangwa timangosenda n'kumatafuna chachiwisi, ana amagula pageti la sukulu, palibe amene amafunsa kuti ichi ndi chamtundu wanji.

Pali chinthu chimodzi chimene ndinachiona ndipo ndinangochiseka. M'mitengo munali apusi, ndipo apusi a ku Nkhata Bay mukuwadziwa, ndi mbava zopanda manyazi, amatha kukulanda mandasi m'manja. Tisanakhale n'komwe pansi anali atatibera kale nthochi m'basiketi. Koma chinangwa chija chinaunjikidwa poyera, ana atapita kukatola nkhuni, palibe pusi ngakhale mmodzi amene anachiyandikira. Wina anatsika, anachiyang'ana, n'kubwerera mumtengo. Ine ndinauza mng'ono wanga kuti taonani, nawonso alapa, Pasaka wawagwira mtima, ndipo tinaseka mpaka misozi.

Wamkulu uja ndiye anali mayi wa pamasanje. Akusenda, wamng'ono anakhala pambali pake akutola tizidutswa n'kumatafuna chachiwisi monga tinazolowera. Ndinamuona akukwinya nkhope, kenako anayang'ana kwa ife n'kunena motsitsa mawu kuti chikuwawa, chikuluma lilime. Bambo ake, moseka ndithu, opanda nkhanza iliyonse, anamuloza chala n'kumufunsa kuti lamulo la masanje limati chiyani. Mkulu wake naye nkhope inagwa, misozi ili pafupi, chifukwa chaka chimenecho chinali choyamba kuphika yekha popanda azisuweni ake. Kamwana kaja kataona kuti mkulu wake akhumudwa kanameza, n'kutenga chidutswa china chachikulu kuti kaonetse kuti n'chokoma.

Chophikacho chinangobwadamuka pang'ono pa moto wa nkhuni zonyowa, n'kuphulidwa chikadali cholimba. Anatigawira pamasamba a nthochi, ife n'kuwomba m'manja. Nditaluma ndinamva kuwawa kwina kwachilendo, kokakamira kukhosi, koma ndinati mwina ndi utsi kapena kusapsa. Mukudziwa mmene timachitira akuluakulu: tinatafuna pang'ono, kuyamikira mokweza, kwinaku dzanja likukankhira zotsalazo m'udzu kuseri kwa mphasa, n'kukhuta maungu amene tinagula kumsika. Wophika naye, ndi kutanganidwa kwake, anangolawa. Amene anadya mbale yake yonse, m'mimba mopanda china chilichonse, mpaka kumwa ndi madzi ake otsala m'kapoto, anali wamng'ono uja.

Dzuwa litapendeka pang'ono, tikuimba nyimbo za Pasaka, mwana anabwera kudzatsamira pamwendo panga. Anati mutu ukumupweteka ndipo mitengo ikuzungulira. Ndinati ndi dzuwa, ndinamugoneka pachitenje. Posakhalitsa anadzuka n'kusanza, kusanza kosalekeza, mpaka kutuluka thovu lokhalokha. Ndinamuimiritsa kuti ndimutsuke kukamwa, miyendo yake inangopindika ngati ya kamwana kobadwa kumene. Kupuma kwake kunasintha, kunali kothamanga, kokoka, ngati wathamanga mtunda wautali pamene wangogona. Ndinamuitana dzina, anandiyang'ana koma maso ake sanali pa ine. Kenako manja anauma, mutu unabwerera kumbuyo, thupi lonse linayamba kugwedezeka.

Mayo ine, ndaonapo malungo, ndaonapo mwana akukomoka ndi kutentha thupi, koma uyu thupi silinali lotentha, linali lozizira, la thukuta. Mwana amene m'mawa ankadumpha ndi kapoto pamutu! Mkulu wake naye anayamba kugwira mutu n'kusanza pang'ono, ndipo apo mpamene mng'ono wanga anayamba kulira kuti ndi chambu. Anati mwini munda anatiuza kuti tikumbe pakati chifukwa ankadziwa kuti mankhwala ake anatchera m'mphepete, ife taswa, ndiye zagwira mwana. Anandigwira mkono n'kundiuza kuti ndisayerekeze kupita naye kuchipatala, chifukwa munthu wogwidwa ndi chambu akangobayidwa jakisoni ndiye kuti wapita, womasula ndi mwini yekha.

Mukhoza kuseka muli pampando panu, koma mwana wanu akamauma m'manja mwanu mumakhulupirira chilichonse. Ndinayang'ana bambo kuti anene chochita, bambo ali chilili, kukamwa yasa, munthu amene kuofesi amalamula anthu. Kupita kuchipatala, mwina ndikukamupha. Kukhala, mwina ndikumupha. Mkwiyo unandikwera, ndinawakalipira mawu amene sindingawabwereze pano, ndinati ngati manja awo afa andipatse foni ndiimbire ndekha eni mundawo. Apo mpamene anadzidzimuka n'kuimbira mayi eni munda.

Tsiku limenelo sitima ya Ilala inali padoko, ndiye mayiwo anali komweko kulandira katundu wawo, phokoso lokhalokha. Foni inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso, inadukanso. Mwana apa wasiya kugwedezeka, wangoti lobodo, milomo ikusintha mtundu. Kachitatu anayankha, ndipo bambo akufotokoza mwachibwibwi, mayiwo anawadula ndi funso limodzi lokha, limene ndinalimva ndili poteropo.

"Mwakumba pati?"

Bambo atanena kuti m'mphepete mwa njira, kufoniko kunamveka mfuu umene sindidzauiwala. Anayankhula Chitonga chothamanga, kenako anakumbuka kuti ndife obwera, nati titsike naye kumsewu msangamsanga, tisamugoneke chagada, titenge ndi chinangwa chotsalacho, iwo akubwera ndi galimoto.

Mmene ndinatsikira phiri lija sindikudziwa. Njira yoterera, mwana kumsana mutu ukungogubuduka uku ndi uku, nsapato ndinazisiya m'matope, mpango unakodwa pamtengo ndipo sindinacheuke. Ndinkangomuyankhula kuti asagone, kuti tikafika ndimugulira fanta, ndimugulira nsapato zoyaka magetsi zimene ankalirira, koma kumsana kunali zii. Chimene ndinkamvetsera ndi kampweya kake pakhosi panga, kakabwera ndithamange, kakachedwa ndiime ndimvetsere. Titafika kumsewu tinapeza galimoto yaing'ono yonyamula nsomba ikuima, mayi aja ali kumbuyo, atasiya katundu wawo yense padoko.

Tinakwera pamwamba pa matumba a usipa, mwana ndinamuika pamiyendo chammbali. Chipatala chili kunja kwa tauni, ndipo msewu umene masiku onse ndinkauona waufupi tsiku limenelo unatalika. Mayi aja anatenga chidutswa cha chinangwa m'manja mwa bambo, anangochiyang'ana khungu n'kuyamba kulira. M'Chichewa chawo chosakaniza anatiuza kuti chimenecho ndi gomani, chinangwa chowawa, cha kondowole, nsima ya chinangwa ija, chimene sichidyedwa chisanaviikidwe m'madzi masiku angapo mpaka ululu wake utatuluka. Anati iwo amabzala chowawacho kuzungulira munda wonse kuti apusi, nguluwe ndi anthu odutsa m'njira akalawa asabwererenso, ndipo chozuna, chodya chachiwisi, amabisa mizere yochepa pakati, pachulu paja, cha adzukulu awo. Anati sanaganize zofotokoza, chifukwa kuno ngakhale mwana wamng'ono amazisiyanitsa poona tsinde, ndani amauza munthu wamkulu kuti moto umawotcha?

Mng'ono wanga sanamve zimenezo. Anagwada pamatumba pomwepo, galimoto ikudumpha, n'kugwira mapazi a mayiwo kuwapempha kuti akhululuke, amasule mwanayo, tilipira chilichonse. Mayiwo anamuchotsa manja, osati mwaukali, n'kumuyang'ana m'maso.

"Ama, m'munda mwanga mulibe chambu. Mlonda wanga ndi chinangwa chomwecho."

Pamenepo mwana anakoka mpweya umodzi wautali n'kukhala chete. Ndinamugwedeza, ndinamuitana, ndinaika khutu pachifuwa koma ndi kulira kwa injini sindinamve kanthu. Ndi pamene ndinayamba kukuwa, ndipo anthu amene anali m'mbali mwa msewu anaima n'kugwira pakamwa, ena anavula zipewa poganiza kuti tanyamula maliro. Inenso ndinkaganiza chomwecho. Ndinali nditayamba kale kuona m'maganizo ulendo wa ku Dedza, kabokosi kakang'ono, ndi amayi anga akundifunsa kuti mwana ndamutani kunyanjako.

Kuchipatala anatilandira mothamanga. Mayi aja anangokweza chinangwa chija m'mwamba n'kunena mawu awiri atatu m'Chitonga, anamwino anamva zonse. Anandilanda mwana, ndinangoona akumuika chophimba kumphuno cha mpweya, wina akufunafuna mtsempha pakadzanja kake, chitseko n'kutsekedwa. Mwana wanga wamkulu uja anamwino anamupatsa mankhwala n'kumuika pabenchi, iye sanali pangozi. Koma anatsika pabenchipo n'kukhala pansi pakona, nkhope pakati pa mawondo, akungobwereza kuti wapha mng'ono wake, wapha mng'ono wake. Ndinalibe mphamvu yomutonthoza, anakamunyamula ndi mayi eni munda.

Patapita nthawi anatuluka dokotala, bambo wachikulire wofatsa. Anati mwana akupuma koma sanatsitsimuke, ndipo sangatilonjeze kanthu, chifukwa ululu wa chinangwa chowawa umagwira kwambiri ana aang'ono, makamaka akadya m'mimba muli mopanda kanthu. Anafunsa kuti anadya chochuluka bwanji, tinamuuza. Anapukusa mutu, kenako anafunsa modabwa, osati motiweruza, kuti zinatheka bwanji, poti chinangwa chimenechi chimawawa ndipo mwana akachilawa amalavula yekha. Anafunsa ngati mwanayo sananene kuti chikuwawa.

Ine ndinayang'ana bambo, bambo anayang'ana pansi.

Za maola amene anatsatira sindinena zambiri, amene anakhalapo pambali pa bedi akuwerenga kupuma kwa mwana akudziwa. Ndinapemphera mapemphero onse amene ndimawadziwa mpaka anandithera, ndinatsala ndikungoti Ambuye, Ambuye. Kutacha, dzuwa litalowa pawindo, ndinamva kadzanja kakugwira chala changa. Maso anali otsegula, ofooka, koma ulendo uno anali pa ine. Milomo inkagwedera, ndiye ndinawerama kuti ndimve, ndikuganiza kuti apempha madzi.

"Amayi, muwauze adadi kuti sindinalavule. Ndinamaliza chonse."

Bambo anali ataima kumapazi kwa bedi ndipo anamva okha. Anatuluka panja. Ndinakawapeza kuseri kwa wodi atatsamira khoma, akulira ngati mwana, mamina ali chuchuchu, anthu akudutsa n'kumawapepesa poganiza kuti taferedwa. Pa zaka zonse za ukwati wathu ndinali ndisanawaonepo akugwetsa msozi, ngakhale pamaliro a bambo owabereka. Mkwiyo wonse umene ndinawasungira kuchokera kumunda unandithera pomwepo, ndinangoima nawo.

Mwana anachira, ngakhale kuti kwa milungu ingapo miyendo inali yofooka ndipo ndinkachita kumubereka ngati khanda. Lero ndi mtsikana wamkulu, wamtali kundiposa. Mkulu wake ndiye anatenga nthawi yaitali, pafupifupi chaka chathunthu sankafuna kugwira mpeni kapena kuphikira munthu, ndipo anali mayi eni munda amene anamubweza pang'onopang'ono, kumutenga kumunda kwawo, kumuonetsa tsinde ili ndi ilo, mpaka mantha anamuchoka. Mng'ono wanga mpaka pano kumudzi amauza anthu kuti ku Nkhata Bay kuli chambu choopsa, ndipo ndinatopa kutsutsana naye. Ena atamva nkhaniyi anangoti safunsa anadya phula, ndipo sindiwatsutsa, koma phulalo sitinadye ife osafunsafe, anadya mwana.

Chimene ndimakhulupirira ine tsopano ndi ichi. Panalibe mfiti, panalibe chambu, panalibe munthu woipa mtima ngakhale mmodzi. Tonse tinkachita ulemu. Mayi aja anatipatsa zabwino za pakati pa munda wawo, ife tinazikana chifukwa cha ulemu wa kwathu, ndipo mwana anameza ululu chifukwa cha ulemu umene tinamuphunzitsa tokha. Ulemu ndi wabwino, sindikukana, koma ulemu wa ku Dedza sudziwa minda ya ku Nkhata Bay.

Ndiye inu amene mwatumizidwa kuno pantchito, kapena kwina kulikonse kumene simunabadwire, mwini malo akakuuzani kuti kumbani apa, kumbani pomwepo, ndipo ngati simukumvetsa funsani chifukwa chake, manyazi sanaikitsepo munthu m'manda koma kusafunsa. Chinangwa chimene simukuchidziwa musapatse mwana chachiwisi, ngakhale chitayera bwanji. Ndipo chachikulu, amayi anzanga ndi inu abambo, mwana akakuuzani kuti chikuwawa, kaya muli paukwati, kaya pali abusa, kaya wophikayo ndi apongozi anu, musamuloze chala. Tambasulani dzanja lanu alavulire momwemo.